Musanaitane ankhoswe, yambani mwadzidziwa: njira yake nayi

Foni yanga ikalira cha m'ma 10 koloko usiku, ndimadziwiratu kuti kwinakwake nsima yazizira m'mbale osadyedwa. Ndine nkhoswe wa mabanja asanu, anayi a ana a achemwali anga ndi limodzi la mng'ono wanga, ndiye mafoni a usikuwa ndinawazolowera. Mawu ake sasintha: "Atsibweni, mubwere mawa mudzamuuze mnzangayu." Pa zaka zonsezi palibe amene anandiimbirapo n'kunena kuti, "Mubwere mudzandiuze ineyo."

Masiku ano ndisanakwere minibasi ndimayamba ndafunsa funso limodzi: "Nanga iweyo, kukhala nawe nyumba imodzi kumavuta pati?" Foni imayamba yakhala zii. Kenako amandibwezera funso, mwaulemu koma kaukali kakumveka: "Ndiye ndingadziwe bwanji zimenezo, atsibweni?" Funso limeneli ndaliyankha pakhonde, ndaliyankha kumaliro, ndaliyankha pa WhatsApp mpaka bandulo kutha. Ndatopa kubwereza, choncho ndalemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Kwa inu amene munakulira ku Johannesburg kapena ku Leeds ndipo mawuwa mumangowamva kwa makolo: nkhoswe ndi munthu woimira mbali yakwanu pa ukwati wanu. Amakhalapo wakuchimuna ndi wakuchikazi, kawirikawiri malume kapena mchimwene, ndipo pa chinkhoswe ndi amene amasinthana tambala ndi msoti pamaso pa anthu. Zikavuta m'nyumba, ndi iwo amene mumawaitana. Koma nkhoswe sagona m'nyumba mwanu. Amangomva zimene mwamuuza, ndipo ngati eni akenu simukudziwa mbali yanu, nayenso adzaweruza mumdima.

Kudzidziwa kumene ndikunena kuno si kuja kwa anthu amene amati, "Ine ndi mmene ndinabadwira, sindichedwa kupsa mtima, basi." Ameneyo watseka chitseko n'kuponya kiyi m'chimbudzi. Si kutchulanso makhalidwe anu abwino ngati muli pa intaviyu ya ntchito. Ndikunena kudziwa chimene chimakuyatsani, chimene mumachita mukayaka, ndi mmene okhala nanu amapsera ndi motowo.

1. Gulani kope, mulembe mwezi wathunthu

Kope la ana asukulu la pagolosale likwana. Musalembe m'foni, chifukwa m'nyumba yomwe muli mikangano foni ndi imene imayamba kufufuzidwa. Nthawi iliyonse mukakangana, kapena mukangomva kuti mtima watupa ngakhale simunayankhe, lembani zinthu zinayi tsiku lomwelo musanagone: tsiku ndi nthawi, zomwe zimachitika mkangano usanayambe, zomwe thupi lanu linachita, ndi zomwe inuyo munanena kapena kuchita, mawu ake enieni osawakongoletsa.

Za thupizo musazidumphe. Ena makutu amatentha, ena kukhosi kumauma, ena manja amanjenjemera, ena m'mimba mumapotokola. Thupi limadziwa kuti moto wayamba mutu usanadziwe, ndipo tsiku lina chizindikiro chimenechi ndi chimene chidzakupatseni mpata wotseka pakamwa.

Ndati mwezi wathunthu chifukwa munthu wa tsiku la malipiro ndi wa pakati pa mwezi ndi anthu awiri osiyana. Kope liwaone onse.

Pafupifupi aliyense amalakwitsa chinthu chimodzi: kope limasanduka buku la milandu ya mnzake. "Anabwera mochedwa. Anandiyankha mwamwano. Anatumiza ndalama kwawo." Lamulo langa ndi losavuta. Pa gawo lachinayi lija, chiganizo chikayamba ndi "ana-", chifufuteni. Chiyambe ndi "ndina-". Ndinamenyetsa chitseko. Ndinatchula za mayi ake. Ndinanamizira kugona.

2. Werengani ngati kope la munthu wina

Mwezi ukatha, khalani panokha m'mawa, muli okhuta, muwerenge kuyambira tsamba loyamba. Musafufuze wolakwa. Fufuzani chimene chikubwerezabwereza: nthawi yake, nkhani yake, kapena munthu amene akangotchulidwa zinthu zimasokonekera.

M'mabanja omwe ndaitanidwako, nkhani zake ndi zomwezomwezo. Ndalama zotumiza kumudzi pa Airtel Money kapena Mpamba osauzana. Foni yomwe yasintha pasiwedi mwadzidzidzi. Wachibale amene anabwera kudzagona masiku awiri, pano watha miyezi inayi. Ngongole ya banki mkhonde kapena ya katapila yomwe wina anabisa mpaka eni ake anafika pakhomo. Ine m'kope langa, pa mikangano 11 imene ndinalemba, 8 inachitika nditangofika kuchokera kuntchito ndisanadye, ndipo yambiri inali ndi mawu oti "fizi" kapena "feteleza" penapake. Ndinachita manyazi kuona kuti zina zimene ndinkaziyesa nkhani zazikulu za ulemu wa bambo m'nyumba inali njala chabe.

3. Fukulani pansi pa mkwiyo

Amuna ambiri tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, choncho mantha, manyazi, nsanje ndi chisoni zonse zimatulukira khomo limodzi la ukali. Amayi nawo ku chilangizo amauzidwa kuti banja n'kupirira, ndiye amameza, amameza, mpaka tsiku lina nkhani ya supuni imodzi imagwetsa nyumba.

Tengani mkangano umodzi m'kope muja, mulembe mizere iwiri. Woyamba: zimene mnzanu ananena. Wachiwiri: zimene inu munamva. Mudzadabwa kuti sizifanana. Akazi anga anafunsa kuti, "Kodi ya feteleza ija ilipo?" Ine ndinamva kuti, "Ndinu mwamuna wolephera." Mawu achiwiriwo sanatuluke pakamwa pawo. Ndinabwera nawo ndekha kuchokera kwina.

Mukapeza mzere wachiwiriwo dzifunseni kuti, "Pamenepa ndikuopa chiyani?" Yankho loyamba limakhala labodza, lodzitchinjiriza. Funsaninso. Pofika kachitatu mumapeza zinthu zosanyaditsa: ndikuopa kusiyidwa, ndikuopa kuti akwawo amandiona wosauka, ndikuopa kuti akudziwa kuti amandiposa sukulu. Chimenecho ndiye lembani.

4. Yang'anani kumene munachokera

Palibe amene amalowa m'banja chimanjamanja. Tonse timalowa titasenza nyumba yomwe tinakuliramo. Dzifunseni: kwathu anthu akayambana ankatani? Ndalama ankasunga ndani? Ndani ankapepesa, ndipo ankapepesa ndi mawu kapena ndi nkhuku?

Ine ndinakulira ku Dedza, pa chikamwini, kutanthauza kuti bambo anga ndi amene anasiya kwawo n'kudzakhala kumudzi kwa mayi. Munda unali wa kuchikazi, ana tinali a mbumba ya amalume, ndipo pabwalo mawu a bambo sankalemera. Akakhumudwa sankakangana ndi munthu. Ankanyamula khasu m'bandakucha kupita kudimba, kubwerako kutada, masiku atatu osalankhula ndi aliyense. Ife ana tinkawatama kuti ndi munthu wamtendere. Zoti khasu lomwelo ndinalinyamula n'kubwera nalo mumzinda, ndinazidziwira pa sitepe yachisanu.

Pa chitengwa, pomwe mkazi ndi amene amapita kwa mwamuna, ana amatolanso maphunziro ena. Ndipo ngati mwamuna ndi wa ku Mzimba, komwe amapereka malowolo ndipo ana amawerengedwa kuchimuna, pamene mkazi ndi wa ku Mulanje kapena ku Dedza, komwe malume ali ndi mawu pa ana a mlongo wake, aliyense amabwera akuganiza kuti zakwawo ndi mmene dziko lonse limayendera. Mikangano yambiri ya "achibale ako akulowerera" imachokera pamenepa. Wina akuona kulowerera, mnzake akuona udindo.

Chenjezo: sitepe iyi si yopezera makolo mlandu, komanso si chiphaso chopitirizira khalidwe. "Bambo anga ankateronso" ndi poyambira kufufuza, osati pothera nkhani.

5. Funsani anthu atatu, ndipo mutseke pakamwa

Apa ndi pomwe ambiri amabwerera, ndipo alangizi ambiri amangopadutsa ndi mawu oti "muzimvera uphungu wa ena" ngati ndi chinthu chophweka. Si chophweka. Masitepe anayi apitawa mumachita nokha, ndipo munthu payekha amadzikomera mtima ngakhale atayesetsa bwanji. Anyani amasekana zikundu chifukwa palibe amene amaona chake.

Mu 1955 akatswiri awiri a za maganizo a anthu ku America, Joseph Luft ndi Harrington Ingham, anajambula zenera la zigawo zinayi lomwe analitcha Johari pophatikiza mayina awo oyamba. Chigawo china ndi zomwe inu mukudziwa ndipo ena akudziwanso. China ndi zomwe mukudziwa koma mumabisa. China ndi zomwe palibe akudziwa. Chotsalacho ndi zomwe aliyense akuona pa inu kupatula inuyo. Kope lija silifika m'chigawo chimenechi. Mumalowamo ndi maso obwereka basi.

Sankhani anthu atatu osiyana. Mmodzi amene anakudziwani muli mwana, monga mchemwali kapena mchimwene. Wina amene munagwirapo naye ntchito kapena ndalama, wakuntchito, wa kumsika kapena wa gulu la banki mkhonde. Wachitatu akhale amene anagonapo m'nyumba mwanu kwa kanthawi koma pano akudziimira payekha. Mayi anu ayi, adzangoti, "Mwana wanga alibe vuto, ndi mkaziyo." Amene mumamulipirira fizi kapena ali nanu ngongole ayi, sangalume dzanja lomudyetsa. Mnzanu wa kumowa ayi. Mwamuna kapena mkazi wanu nayenso dikirani kaye, bala likadali laliwisi ndipo yankho lake mudzalimva ngati mkangano watsopano.

Tsono vuto lathu ndi ulemu. Wamng'ono sauza wamkulu kuti mwalakwa. Mukafunsa kuti, "Kodi ine ndili ndi vuto?" yankho mukulidziwa kale: "Ayi achimwene, inu muli bwinobwino." Funso liyenera kumupatsa munthuyo pobisala. Mafunso omwe ndawaona akugwira ntchito ndi awa. "Anthu akamandinena ine palibe, amati chiyani?" Apa munthu amaika maganizo ake m'kamwa mwa "anthu" ndipo amamasuka. Lina: "Ndi liti pamene munafuna kundiuza kanthu koma munaopa?" Lina, lomwe ndi lowawa kwambiri: "Mukanakhala kuti ndinu akunyumba kwanga, chikanakutopetsani n'chiyani?"

Musamukhazike pampando n'kumuyang'ana m'maso ngati kupolisi. Funsani mukuyenda, kapena manja ali pa ntchito, mukusenda mtedza, mukutsuka galimoto, maso onse ali kwina. Yankho loyamba lidzakhala laulemu: "Aaa, n'zazing'ono, aliyense ali nazo." Musathamangire kudzaza bata limene likutsatira. Dikirani. Zenizeni zimabwera pambuyo pa bata limenelo.

Akayamba kulankhula, muli ndi mayankho atatu okha ololedwa: "Pitirizani," "Mungandipatseko chitsanzo?" ndi "Zikomo." Liwu loti "koma" ndi loletsedwa. Mukangoti "koma tsiku limene lija ndinali nditatopa," munthuyo amatseka ndipo sadzakuuzaninso zoona mpaka kalekale. Musafunsenso kuti, "Ananena zimenezo ndani?" Mukatero mwasiya kudzifufuza, mwayamba kusaka mfiti.

Ine ndinafunsa mlongo wanga wamng'ono tikutong'ola chimanga kumudzi. Anazungulira, anaseka, anakamba za mvula. Ndinangokhala chete, chitsononkho chili m'manja. Kenako, osandiyang'ana, anati: "Achimwene, inu simukalipa ayi. Mumangozima ngati magetsi. Nthawi imene ndinkakhala kwanu ija, mukazima nyumba yonse inkayenda monyang'ama. Ana ankasiya kuseka. Alamu ankaphika chambo pakati pa mwezi kuti mwina muyaka. Bola munthu wokalipa, timadziwa kuti zatha liti."

Makutu anga anatentha. "Koma" anafika pamilomo penipeni. Kwa zaka zambiri ndinkadzitama, ngakhale polangiza ena, kuti sindinakwezepo mawu kwa akazi anga. Sindinkadziwa kuti ndinkawalanga ndi bata, ndipo kuti chilango chake chinkagwera ndi ana omwe. Ndinangoti zikomo, mawu akutuluka mokakamiza, n'kupitiriza kutong'ola.

Zikatha, pali zinthu ziwiri. Choyamba, mawa lake mupatseni moni munthuyo monga mwa masiku onse, mwinanso kuposa. Akuyang'anitsitsa kuti aone ngati kunena zoona kwamuonongera ubale. Chachiwiri, musagamule msanga kuti ananena zoona kapena ayi. Lembani m'kope, papite masiku atatu. Amati mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma ndaona kuti a ang'onoang'ono nawonso amatero. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi kampeni kumphasa. Koma awiri mwa atatu, osadziwana, akatchula chinthu chimodzi, chimenecho ndi chanu.

6. Petani: zanu uku, za ena uko

Si zonse zomwe zili m'kope zili zanu. Pali anthu, makamaka amayi, amene akayamba kudzifufuza amasenza mlandu wonse: "Mwina ndikanaphika msanga sakanandimenya." Imani pomwepo. Ngati m'nyumba muli kumenyedwa, kuopsezedwa, kukakamizidwa kugonana, kapena kulandidwa ndalama zonse kuti musathe kuchoka, nkhaniyo si ya kope ndipo si ya ankhoswe okha. Malawi ali ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja lomwe linakhazikitsidwa mu 2006, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso chokutetezani. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yoona nkhani zotere. Nkhoswe amene angakuuzeni kuti bwererani mukapirire pamene nkhope yatupa, musamumvere, ngakhale nditakhala ineyo.

Chinanso: kope likaonetsa kuti kwa milungu ingapo simukugona, chakudya sichikukoma, mowa wachuluka, kapena mukuganiza zodzipha, amenewo si makhalidwe oipa ofunika kulangizidwa. Pitani kuchipatala chapafupi mukafotokoze monga mmene mungafotokozere malungo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha Zomba Mental, ntchito yawo ndi imeneyi. Uzaniponi munthu mmodzi lero lomwe, musadikire kuti mwezi wa kope uthe.

Zotsala mukapeta, zomwe zikuyamba ndi "ndina-" ndipo anthu awiri azitsimikiza, ndi zimene tikupita nazo kutsogolo.

7. Sankhani chimodzi, mukauze mnzanu

Chimodzi chokha. Amene amalonjeza kusintha zonse Lamlungu amakhala atabwerera zakale pofika Lachinayi. Sankhani chimene chikupweteka kwambiri anthu a m'nyumba mwanu, osati chimene chili chosavuta kwa inu.

Pezani nthawi yomwe simunayambane, ana atagona, nonse mutadya. Nenani zinthu zitatu: chimene mwazindikira, chimene chimachiyambitsa, ndi chimene mudzachite chikayamba. Ine ndinati: "Amake mwana, ndazindikira kuti ndikachita manyazi ndi nkhani ya ndalama ndimasiya kulankhula, ndipo nyumba yonse imavutika. Sikuti mumakhala mwalakwa. Ndikayamba kutero, mundilole ndikazungulire ola limodzi, ndikabwera tikambirane tisanagone." Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Zaka zonsezi mwadziwa lero?" Musayembekezere nthungululu. Munthu amene wasenza katundu wanu zaka zambiri ali ndi ufulu wokayika.

Musamalize ndi mawu oti "nanunso mugule kope lanu." Mukatero zonse zasanduka malonda, ndipo mnzanu adzaona kuti munangosintha njira yomuimbira mlandu. Akafuna adzafunsa yekha. Musakayambenso kuchitira umboni kutchalitchi kapena kulemba pa Facebook kuti mwasinthika, akunyumba kwanu asanaone kusinthako ndi maso awo kwa miyezi ingapo.

8. Tsopano itanani ankhoswe, ngati pakufunikabe

Nthawi zina pofika apa foni ija siimbidwanso. Nthawi zina imaimbidwabe, chifukwa mnzanuyo alinso ndi zake zenizeni, ndipo kudzidziwa kwanu sikuchotsa ngongole yomwe iye anabisa kapena chibwenzi chomwe ali nacho. Kusiyana kwake n'kwakuti mukafika pamphasa, ankhoswe a mbali zonse atakhala, mumayamba ndi mawu oti, "Mbali yanga ndi iyi, ndipo ndayamba kuikonza motere. Chomwe chikundivuta kwa anzangawa ndi ichi." Nkhani yomwe ikanatha tsiku lonse anthu akulozana zala imatha tiyi asanazizire, chifukwa nkhoswe wa mbali inayo alibenso chomenyera nkhondo. Ndaonaponso wina atafika pa sitepe imeneyi n'kuzindikira modekha kuti banjalo silingapitirire. Anasiyana popanda kutukwanizana, ndipo ana amayendera mbali zonse.

Mwana wina wa achemwali anga anabwera ndi kope lake m'thumba la jekete, lopindika ngati lakhala likunyowa ndi thukuta. Anandipatsa n'kunena kuti, "Atsibweni, werengani, koma tsamba lachitatu mulidumphe." Ndinalidumpha. Kope ndi lanu, simukakamizidwa kuonetsa munthu, ngakhale nkhoswe.

Langa likadalipo, lachinayi tsopano. Mwezi watha nkhani ya fizi ya mwana wathu wa ku sekondale itabuka, ndinazimanso. Ola limodzi lija linakhala tsiku ndi theka. Usiku wachiwiri ndikulowa kuchipinda ndinapeza kope lili papilo, bolopeni ili pamwamba, akazi anga atatembenukira kukhoma ngati agona. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, ndinayatsa tochi ya foni, n'kulemba tsiku ndi nthawi.